Ndalama ya Kadzanja

Katundu wa munthu wakufa sagwidwa maluwa a pamanda pake asanafote. Aliyense ku Kilcorragh amadziwa zimenezi, koma Ultan Tuohy anakhalitsa ku Dublin, ndipo okhalitsa ku Dublin amaiwala kuopa. Bambo ake, a Malachy, atangoikidwa m'manda, mipando yobwereka pamaliro isanabwezedwe n'komwe, iye anali atatsegula kale kabati ya tindalama. Masana omwewo anaimbira foni apolisi.

Amene anabwera ndi Sajeni Gráinne Ruane, mwana wa konkuno, amene amayi ake, a Bríd, ankagulitsa mazira kuseri kwa tchalitchi. Analowera khomo lakumbuyo monga achitira munthu woleredwa bwino. Wotchi yapakhoma inali chiimire pa ola limene mwini nyumba anatsirizika, ndipo nsalu yophimba galasi inali isanachotsedwe. Mayi Attracta, mkazi wa malemuwo, anali khale pafupi ndi mbaula, manja ali pamiyendo, ngati munthu wodikira basi imene akudziwa kuti siibwera.

Kabatiyo inali m'chipinda chochezera. A Malachy anali mlimi wamba, koma chaka chilichonse akagulitsa ana a ng'ombe, ankakwera sitima kupita ku okushoni n'kubwerako ndi kandalama kamodzi m'thumba la pamtima. Tinali tindalama tasiliva, topyapyala ngati mamba a nsomba, tosulidwa ndi nyundo kamodzikamodzi ku Dublin m'masiku a mafumu a Avaikingi, zaka pafupifupi chikwi zapitazo. Kalikonse kankagona m'kadzenje kakekake, pa kansalu kofiira, m'timadirowa tosaya.

Ultan anakoka kadirowa kapamwamba n'kuloza pakona. Kadzenjeko kanali kopanda kanthu. Kansalu kake kanatsala ndi chizindikiro chozungulira pamene kandalama kanagonapo zaka zambiri. Iye anati kiyi ankakhala m'khosi mwa bambo ake, pa chingwe chimodzi ndi mendulo, ndipo munthu mmodzi yekha ndiye ankawavula ndi kuwasambitsa: Dympna Lavelle, mayi wosamalira okalamba.

Zimenezi anali atazinena kale kusitolo ndi kubala. Muzisamala ndi zonena m'sitolo ya Kilcorragh, zimakafika kumakomo inu musanalipire n'komwe buledi. Ntchito ya Dympna inali yolowa m'zipinda za anthu, kugwira makiyi awo ndi matupi awo. Munthu wotere akangotchedwa wakuba, basi watha. Makomo ena anali atamuuza kale kuti ayambe wapuma.

Gráinne anafunsa mayi Attracta kuti kandalamako anakaona liti komaliza. Iwo anati m'kabatimo sankasuzumiramo.

"Ine ndinali mkazi wamng'ono m'nyumba muno, mwanawe. Wamkulu ndi kabatiyo."

Komabe kosowako ankakadziwa. Amuna awo ankakatcha Kadzanja, ndipo masiku ena ankakatulutsa n'kukhala nako pazenera osayankhula, tiyi mpaka kuzizira. Kenaka anawonjezera kuti Dympna sanabe kanthu. Ultan atafunsa kuti akudziwa bwanji, anati amadziwa mmene mtsikanayo amapindira matawulo.

"Muwauze za Lachitatu lija, amayi," anatero Ultan.

Mayi Attracta anayang'ana mbaula. Lachitatu lomaliza a Malachy ali moyo, Dympna anawatenga pa galimoto, akuti kukaonana ndi namwino. Anabwerako ali zii ngati mwala, mano akugundana. Anagona, ndipo sanadzukenso.

Gráinne anatulukira khomo lomwe analowera, poti kutulukira lina n'kuchotsa mwayi m'nyumba ya eni. Anadzera kuchipatala chaching'ono cha pamsika. Namwino sanachite kuganiza: Lachitatu limenelo chipatala chinali chotseka, ankapaka penti.

* * *

Anamupeza Dympna kuseri kwa nyumba yake akuyanika zovala, mphepo ya kunyanja ikumukwapula ndi mashiti onyowa. Awiriwa anakhalapo pa benchi imodzi kusukulu, ndipo zimenezi zimavutitsa ntchito ya upolisi.

Dympna anabwereza zomwezo, kuti anapita kwa namwino. Gráinne anamuuza za penti. Dympna anati mwina wasokoneza, anapita kogula mankhwala. Gráinne anati akhoza kukafunsanso kumeneko, ndi pafupi. Apo Dympna anayamba kumangofinya shati imene inali yofinya kale.

"Dympna, ndithandize kuti ndikuthandize. Ultan akufuna nkhaniyi ikafike kukhoti. Munapita kuti ndi a Malachy?"

"Kumene anandituma."

"Kandalamako unakaona?"

Dympna anamuyang'ana m'maso kwa nthawi yoyamba. Maso ake anali otupa, ndipo si mphepo imene inawatupitsa.

"Ngati n'kundimanga, Gráinne, udikire zovalazi ziume. Ndi za a Hession, agogo ena amene ndimawasamala, alibe zina zosinthira."

Gráinne anabwerera ku galimoto mtima uli wosweka. Wakuba amakonza bodza lake bwinobwino, amalisita. Bodza la Dympna linali lobwereka, losamukwana. Koma woweruza sayang'ana zimenezo. Amangomva kuti munthu ananama, kiyi anali naye pafupi, ndipo chinthu chasowa.

* * *

A Festus Gannon ankakhala m'tauni, pamwamba pa sitolo ya mankhwala imene anaigulitsa atakalamba. Iwo ndi a Malachy analimbirana tindalama ku okushoni moyo wawo wonse, kutukwanana m'sitima popita, kugawana masangweji pobwera. Pamaliro sanabwere. Anali m'chipatala kuikidwa chitsulo m'chiuno, ndipo anaumirira kuti Gráinne aone bala lake, kuti asawaike m'gulu la akuba.

Atamva kuti chasowa ndi Kadzanja, anaseka mpaka kutsokomola.

"Ndiye wakuba wanuyo ndi mbuli yotheratu. M'kadirowa komweko muli ndalama ya mfumu Sitric, dzina lake likuwerengeka bwinobwino, imene nkhalamba youma mutu ija inandilanda ine nditapita kokodza. Imeneyo mukhoza kugula nayo galimoto. Munthu n'kusiya imeneyo, n'kutenga Kadzanja?"

Anatulutsa kandalama kawo kofanana nako, atakagwira m'mbali ndi nsonga za zala, ndipo anamuchenjeza kuti asakapumire mpweya. Pansi pa galasi lokulitsira Gráinne anaona mutu wa mfumu wa tsitsi loimirira ngati chipeso. M'mphepete munali timizere toyerekeza zilembo, poti wosulayo, anatero a Gannon, sankadziwa kulemba. Kuseri kunali mtanda, ndipo pakona ina ya mtandawo panali kadzanja kakang'onong'ono, tizala tili tambasu.

A Gannon anati osonkhanitsa tindalama ali ndi malamulo awo. Sutsuka kandalama, sukapukuta, ndipo umadziwa kumene kalikonse kanachokera, kwa yani, chaka chiti. Malachy ankatha kukuuza mbiri ya kalikonse mpaka iwe kugona. Koma ukamufunsa za Kadzanja, ankayamba kukamba za nyengo.

Kenaka anatsitsa mawu, ngakhale m'chipindamo munalibe wina.

"Ndinakaonapo pa galasi langa tsiku lina iye atatembenuka. Pakati pa tizala paja panali mchenga. Mchenga woyera wa zigoba za kunyanja. Kandalama kodutsa m'manja mwa amalonda sikakhala ndi mchenga, Sajeni. Kameneko kanachoka m'nthaka kulowa m'thumba mwake."

Gráinne ankalidziwa lamulo. Chakale chilichonse chotuluka m'nthaka ya dziko lino n'cha boma. Ndipo pamene patuluka kamodzi, a Gannon anatero akunyambita milomo, pamakhala poti pagona tinzake. Akuluakulu a zakale amabwera ndi zingwe ndi timakasu. Iwo asanafike amayamba kufika ena, a makina aja olira akamva chitsulo pansi, amene amasiya maenje ngati nkhumba.

"Ndinamunyengerera zaka zonsezi kuti andiuze malowo. Tsiku lina anandigwira pakhosi. Malachy, munthu woti sankamenya ndi galu yemwe."

* * *

Anatsala a Nonie Padden, amene amasambitsa mitembo ya m'mudzi muno kuyambira kale. Anthu amawapatsa moni mwaulemu koma sakonda kuwaona akuyang'anitsitsa munthu. Anamukhazika Gráinne pampando, kumuthirira tiyi wakuda bii, n'kumuuza kuti wawonda, ndipo owonda savuta kunyamula.

Za kiyi anati anali m'khosi momwemo, anamuvula okha n'kumupereka kwa Attracta. Za a Malachy anati anali mtembo waukhondo, Dympna ankawasamala ngati khanda. Chinthu chimodzi chokha ndicho chinawadabwitsa.

"Zikhadabo, mwana wa Bríd. Munthu amene sanagwire khasu chiyambire kudwala, zikhadabo zodzaza mchenga. Ndinachita kutokosa ndi kamtengo ka machesi."

Atapita kukatenga suti yoti awaveke, anapeza thalauza lawo lili ndi madontho obiriwira m'mawondo. Anasita lina. Ndipo m'thumba la chijasi, mmene ankafunamo korona, anapezamo chidutswa cha buledi chouma gwa, chokulunga m'kampango.

"Ndinangochibwezera momwemo. Za m'matumba a akufa sindifunsa."

Gráinne anaika kapu pansi. Anakumbukira agogo ake akumuika kabuledi m'thumba la yunifolomu tsiku limene ana asukulu ankapita kukatola zigoba kunyanja. Kuseri kwa mabwinja a tchalitchi chakale, kumene mchenga umakumana ndi msipu, kuli udzu wa njala. Ukaupondapo wopanda chakudya m'thumba, njala imakugwira pomwepo, mawondo amalobodoka, ena sadzukapo. Achinyamata amaseka, asekeni, koma musapiteko chimanjamanja. Udzu umenewo umamera pamalo amodzi okha, ndipo munthu wa msinkhu wa a Malachy sakanatenga buledi popita kwina kulikonse.

"A Nonie, kodi a Tuohy anali ndi mwana wina Ultan asanabadwe?"

A Nonie anadzilemba chizindikiro cha mtanda, n'kudzuka kukatsuka kapu imene inali isanathe tiyi.

* * *

Kuseri kwa mabwinja kuja timakutcha Kamunda ka Tiana. Kulibe mitanda, kulibe mayina. Kuli timiyala toyera tomwazika mu udzu, ndi mpanda wamiyala wogumuka. Kale mwana akabadwa wakufa, kapena akafa asanabatizidwe, sankaloledwa kumanda a tchalitchi. Bambo ake ankamunyamula yekha m'kabokosi kunja kusanache, wopanda wansembe, wopanda womuperekeza. Mayi wake anthu sankamuonetsa mwanayo, sankamuuza malo, ndipo ankamuuza kuti asalire, adzabereka wina. Nkhaniyo inkathera pomwepo, kapena tinene kuti anthu ankayesa kuti yatha.

Gráinne anaima pa mpanda, dzanja lili m'thumba mmene anaikamo bisiketi. Sanachite kufufuza. Chakumpoto, pafupi ndi chitsamba chaminga, kamwala kena kanali kopukutidwa ndere, ndipo patsogolo pake udzu unali utadulidwa bwino ndi mpeni n'kubwezeredwa, kachigamba kosaposa chikhatho.

Sanakhudze. Anapita kukamutenga Dympna, ndipo ataima naye pa mpanda womwewo, Dympna anayamba kulira mopanda phokoso.

Anafotokoza pang'onopang'ono. A Malachy anamupempha kuti awaperekeze, ndipo anachita kuwanyamula kuchokera pamsewu. Anagwada okha, anakumba okha ndi zala, anakana thandizo. Anamuuza kuti m'mawa umene anaika mwana wawo woyamba, kandalamako kanatuluka pa fosholo yomaliza, pamene pankagona mutu. Atakapukuta ndi chala anaona kadzanja. Dzanja la mwanayo anali asanalione, poti azamba anamupereka ali wokulunga kale. Anakaika m'thumba. Tindalama tina tonse tija anadzagula pambuyo pake, kuti Kadzanja kasaoneke kachilendo m'nyumba.

"Anati akukabweza kwa mwini wake. Kenaka anandilumbiritsa pa mendulo yawo. Anati zikadziwika abwera ndi makina, ndipo sadzafukula ndalama zokha."

Gráinne anayang'ana timiyalato. Tinali tambiri kuposa mmene ankakumbukirira. Panalibe banja la ku Kilcorragh limene linalibe wake pamenepo.

Anamuuza Dympna zoona zake. Akakhala chete, Ultan apitiriza mlandu, ndipo ngakhale khoti litamumasula, palibe adzamupatsenso kiyi wa nyumba. Dympna anati akudziwa. Anati analumbira kwa munthu amene sangathenso kumumasula.

"Iwe unalumbira," anatero Gráinne. "Ine sindinalumbire. Ndipo pali munthu mmodzi amene malo ano ndi ake kuposa a Malachy."

* * *

M'khitchini ya a Tuohy, Gráinne anapempha Ultan kuti akhale pansi. Dympna anaima pakhomo, osalowa. Ultan atamuona anafuna kuyankhula, koma amayi ake anakweza chala chimodzi ndipo anatseka pakamwa.

Gráinne anayamba ndi penti, kenaka mchenga wa pa kandalama, zikhadabo, mawondo a thalauza. Atafika pa buledi, mayi Attracta anatseka maso. Sanafunikire kumva zotsalazo.

Gráinne atatchula Kamunda ka Tiana ndi mwana amene a Malachy anakamuika kumeneko, Ultan anayang'ana uku ndi uku. Anafunsa kuti mwana wake uti, poti iye anabadwa yekha. Pang'onopang'ono nkhope yake inasintha, inakhala ya kamnyamata kamene kalowa m'chipinda cholakwika.

Gráinne ananena mosabisa. Iye sanakumbe, ndipo palibe kandalama kamene wakaona ndi maso ake. Chimene akudziwa n'chakuti mwini wake anakatulutsa yekha m'kabati ali moyo, ndipo pamenepo palibe kuba. Koma ngati Ultan akufuna umboni wogwirika, njira ndi imodzi: kuitana a zakale ku Dublin, adzafukule.

Ultan anayang'ana manja ake. Kenaka anadzuka, napita pakhomo pamene panaima Dympna. Anayesa kunena zambiri koma zinamukanika, anangoti walakwa, ndipo akanena zomwezo kusitolo ndi kubala. Dympna anagwedeza mutu, osamupatsa dzanja.

Mayi Attracta anali atadzuka kale. Anavala chijasi, anamanga mpango kumutu, anadula buledi wa soda zidutswa zinayi n'kugawira aliyense. Anati pa galimoto sakwera. Zaka zoposa makumi asanu akhala akuyang'ana phiri, nyanja, dambo, osadziwa koyang'ana. Lero ayenda ndi miyendo yawo kuti njirayo aidziwe.

Ultan anawapatsa mkono. Iwo anaulambalala n'kugwira wa Dympna.

Ulendowo unali wautali kwa munthu wa msinkhu wawo. Atafika, Dympna anawatsogolera pakati pa timiyala, akuponda mosamala, mpaka pa chitsamba chaminga. Mayi Attracta anagwada movutikira. Anayala chikhatho pa kachigamba ka udzu kaja, ndipo chinakwana ndendende. Mphepo inali ikuwomba kuchokera kunyanja. Gráinne ndi Ultan anatsalira pa mpanda.

"Dympna, mwana wanga," anatero osatembenuka. "Pokumba paja, ananenapo kanthu? Ine sanandiuze, ndipo sindinafunse. Anali mnyamata kapena mtsikana?"

"Mtsikana, amayi."

Mayi Attracta anagwedeza mutu kangapo, ngati munthu amene wamva zimene ankazidziwa kale.

"Ndiye wakhala pamphepo pano zaka zonsezi wopanda kanthu kumutu."

Anamasula mpango wawo, anaufunditsa kamwalako, n'kupsinja m'mbali mwake ndi timiyala kuti usauluke.

Pobwerera anadzera mumsewu waukulu, pang'onopang'ono, kudutsa pasitolo, pabala, patchalitchi. Makatani ankagwedezeka nyumba ndi nyumba. Onse anaona Attracta Tuohy, amene chikwatiwire sanayendepo mumsewu mutu uli pamtunda, imvi zili pambalambanda, atatsamira thupi lonse pa mkono wa Dympna Lavelle. M'mawa mwake a Hession anatumiza uthenga wofunsa ngati Dympna angabwere molawirira, poti miyendo yawavutanso.

Za kandalamako, akakufunsani alendo, nenani kuti a Malachy anakapereka kwa mwana wawo. Akafunsa kuti mwana uti, athirireni tiyi wina. Ndipo mukadzaona mpango wabuluu kuseri kwa mabwinja, utasuluka ndi mchere wa kunyanja, musautole. Uli ndi mwini wake.